Phwando la 1776 lisaphimbe ngongole za 1786

Mwana aliyense wokulira ku America amalidziwa tsiku la 4 Julayi 1776. Amalidziwa asanayambe n'sukulu komwe, poti ndi tsiku la makombola, nyama yootcha ndi mbendera pakhonde. Koma mwana yemweyo akafika sekondale mukamufunse kuti pa 25 Januwale 1787 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, kunachitika zotani, angokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Patsikulo asilikali a boma anawombera mizinga gulu la alimi n'kupha anayi. Ambiri mwa alimiwo anali omwe aja anamenya nkhondo yothamangitsa Angerezi zaka zochepa m'mbuyomo. Owawomberawo sanali Angerezi ayi, anali anzawo a m'dziko lomwelo, otumidwa ndi boma lomwe alimiwo analimenyera nkhondo.

Ine ndikuti maphunziro a mbiri ya America kusekondale amachedwa pamalo olakwika. Amakhalitsa pa nkhondo ndi pa chikalata cholengeza ufulu, kenaka n'kudutsa chothamanga zaka za pambuyo pa nkhondoyo, 1783 mpaka 1800, chonsecho mnofu wa nkhani uli m'zaka zimenezi.

Kumeneko zinthu sizili ngati kwathu kuno, kumene mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa amalemba MSCE imodzi. America ilibe silabasi ya dziko lonse. Chigawo chilichonse chimadzikonzera yake. Ku Texas, mwachitsanzo, mbiri ya dziko anaidula pawiri. Za atsamunda, za nkhondo ya ufulu, mpaka 1877, mwana amaphunzira ali giredi 8, ali ndi zaka 13 kapena 14. Akafika kusekondale amayambira 1877 kupita kutsogolo, ndipo za kubadwa kwa dziko amangozikhudzako pang'ono m'phunziro la kayendetsedwe ka boma. Ndiye kuti nkhani ya ngongole, msonkho ndi kulandidwa minda amakumana nayo asanagwirepo ndalama yakeyake, ndipo akafika msinkhu woti angaimve bwino, nkhaniyo yapita kale. Mayeso a NAEP, omwe boma limayezera mmene ana akuphunzirira m'dziko lonselo, anapeza mu 2022 kuti pa ana 100 aliwonse a giredi 8, ana 13 okha ndiwo anafika pa mlingo wokhutiritsa pa mbiri ya dziko lawo.

Ana okonda zolimba amatenga kosi ya AP US History, yokonzedwa ndi bungwe la College Board. Ukakhoza bwino mayeso ake, makoleji ambiri amakuwerengera ngati wamaliza kale phunziro limodzi lakukoleji. Kosiyi imayambira 1491 kudzafika masiku ano, ili m'magawo 9, ndipo onsewo ayenera kutha mwezi wa Meyi usanafike. Zaka 147 za utsamunda, kuchokera 1607 mpaka 1754, zimatenga malikisi 6 mpaka 8 pa 100. Gawo la 1754 mpaka 1800 limatenga 10 mpaka 17, koma mmenemo mwapanikizana nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa, misonkho, nkhondo ya ufulu, malamulo oyendetsera dziko ndi apulezidenti awiri. Mphunzitsi akachedwa pa tiyi wa ku Boston, chimene chimafinyika ndi chakumapeto.

Mwana amatuluka ndi nkhani yosalala bwino. Angerezi anafika ku Jamestown mu 1607, ena ku Plymouth mu 1620. London inayamba kukhometsa msonkho wa masitampa mu 1765, anthu anakwiya, mu Disembala 1773 anthu a ku Boston anataya mabokosi 342 a tiyi m'nyanja. Mfuti zinalira ku Lexington mu Epulo 1775, ufulu unalengezedwa 1776, mkulu wa asilikali a Angerezi, Cornwallis, anagonja ku Yorktown mu 1781. Kenaka anthu anzeru anakhala pansi ku Philadelphia n'kulemba malamulo abwino. Palibe bodza pamenepa. Koma pakati pa Yorktown ndi Philadelphia pali zaka 6, ndipo amene sazidziwa sangamvetse chifukwa chake malamulowo analembedwa mmene alilimo.

Nkhondo inatha boma lili lopanda ndi khobidi lomwe. Congress ya nthawiyo, msonkhano wa aphungu oimira zigawo zonse, inalibe mphamvu yokhometsa msonkho. Inkachita kupempha zigawo, zigawozo n'kumapereka zikafuna. Ndalama zapepala zomwe inasindikiza nkhondo ili m'kati zinali zitasanduka mapepala wamba pofika 1781. Asilikali ambiri anabwerera kwawo atanyamula timapepala tolonjeza kuti adzalipidwa mtsogolo. Mu Juni 1783 asilikali mazana angapo osalipidwa anazinga nyumba yomwe Congress inkakumaniramo ku Philadelphia, nyumba yomwe ija anavomerezeramo chikalata cha ufulu, ndipo aphunguwo anathawira ku Princeton. Munthu wobwerera kumudzi, ana akulira njala, lonjezo sangaliphike. Ambiri anagulitsa timapepala tija kwa anthu andalama a m'tauni pamtengo wolira.

Apa boma la Massachusetts linaganiza zobweza ngongole zake za nkhondo mwachangu. Linakweza msonkho, n'kunenetsa kuti wambiri uperekedwe ndi ndalama zasiliva kapena zagolide. Mlimi wa kumadzulo kwa chigawocho ankakhalira kusinthanitsa: chimanga, nkhumba, tsiku la ganyu. Siliva akamutenga kuti? Eni masitolo nawonso, atapanikizidwa ndi amalonda a ku London omwe sankafunanso kukongoza, anayamba kukokera alimi kukhoti. Ng'ombe zinkalandidwa, minda inkagulitsidwa pa okushoni, ena ankatsekeredwa m'ndende chifukwa cha ngongole. Chopweteka kwambiri n'chakuti msonkho umene mlimi ankalandidwira ng'ombewo unkapita kukalipira anthu omwe aja anagula timapepala ta asilikali motchipa.

Midzi inalemba madandaulo kupita ku Boston, yankho logwira mtima osabwera. Mu Ogasiti 1786 alimi anatseka khoti la ku Northampton kuti milandu ya ngongole isazengedwe, makhoti ena n'kutsatira. Mmodzi wa atsogoleri awo anali Daniel Shays, kaputeni wa nkhondo ya ufulu amene anamenya nawo ku Bunker Hill ndi ku Saratoga. Boma la chigawo linalibe ndalama yolipirira asilikali, ndiye amalonda a ku Boston anasonkherana n'kulipira gulu lankhondo lotsogoleredwa ndi Benjamin Lincoln. Pambuyo pa mizinga ya ku Springfield ija alimi anabalalika. Patangopita miyezi inayi, mu Meyi 1787, nthumwi zinakumana ku Philadelphia, ndipo boma lomwe zinalemba linapatsidwa mphamvu yokhometsa msonkho ndi yothetsa kugalukira, zigawo n'kuletsedwa kusindikiza ndalama zawozawo kapena kufooketsa mapangano a ngongole. Mwana wodziwa za Shays akamawerenga ndime zimenezi amadziwa kuti zikuyankha ndani.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 1790 nduna ya zachuma, Alexander Hamilton, inakakamira kuti timapepala tija tilipidwe pamtengo wake wonse kwa amene anali nato panthawiyo. Phungu James Madison anayesa kunena kuti msilikali amene anagulitsa chifukwa cha njala apatsidweko kenakake, koma anagonja pavoti. Pofuna ndalama zolipirira, boma linaika msonkho pa kachasu wa alimi mu 1791, ndipo alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania atakana, pulezidenti George Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000 mu 1794. Dziko lobadwa chifukwa chokana msonkho linatumiza gulu lankhondo kukatolera msonkho lisanakwanitse zaka 20.

Chinthu chimodzi ndimachiyamikira kwambiri m'maphunziro a kumeneko, ndipo ndi chimene chingakonze vutoli. Pamayeso a AP pali funso lomwe mwana amapatsidwa zikalata 7 zakale ndi ola limodzi, kuti awerenge, aganize, alembe mfundo yake ndi kuiteteza pogwiritsa ntchito zikalatazo. Mwana wa achemwali anga ali giredi 11 ku Indiana, kumene kuli Amalawi ndithu, ndipo tsiku lina ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala loyeserera funso lotere. Linali lodzaza zolembalemba m'mphepete, mizere yachikasu ndi yapinki, pambali pa chikalata chilichonse atalemba kuti walemba ndani, akulembera ndani, akufunanji. Panali kalata ya Thomas Jefferson, mlembi wa chikalata cha ufulu chija, yomwe analembera Madison ali ku Paris mu Januwale 1787, yonena kuti kugalukira pang'ono apo ndi apo n'kwabwino m'dziko. Panali kalata ya Washington, ali ndi nkhawa kuti dziko likugawanika ndipo adani aliseka. Panali dandaulo la alimi. Pansi pake mwanayo anandilembera kuti, "Amalume, ndiye wolondola ndani apa? Onse akumveka ngati akunena zoona."

Funso limenelo ndiye phunziro lenileni. Jefferson ankalankhula ali kutali, khoti lotsekedwalo silinali pakhomo pake. Washington anali mwini minda ikuluikulu ndipo ankaopa chisokonezo. Samuel Adams, yemwe uja anasonkhezera anthu a ku Boston kukana Angerezi, tsopano ankafuna kuti atsogoleri a alimiwo anyongedwe, ati poti anthu ali ndi voti, palibenso chifukwa chonyamulira mfuti. Mfundo yake si yopusa, ndipo mu 1787 momwemo ovota a ku Massachusetts anachotsadi bwanamkubwa James Bowdoin n'kuika John Hancock, Shays n'kudzakhululukidwa mu 1788. Koma mwana wochenjera afunsanso kuti ankavota ndani, poti malamulo a Massachusetts ankafuna kuti wovota akhale ndi chuma. Buku la sukulu limapereka ndime imodzi yomaliza kale kuganiza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwana adziwerengere yekha.

Zaka zomwezi ndi zimenenso zimaonetsa bwino nkhani ya ukapolo, kuposa mmene 1776 payokha ingaonetsere. Mizu yake ili m'nthawi ya utsamunda, ndipo fodya ali pakati pake, yemweyu timamutchula kuti Virginia m'misika yathu ya fodya. Anthu oyamba a ku Africa kufika m'chigawo cha Virginia anatsitsidwa ku Point Comfort mu 1619. Mu 1662 Virginia inakhazikitsa lamulo loti mwana azitsata amayi ake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale bambo ake atakhala mwini munda. Nkhondo itayamba, bwanamkubwa wa Angerezi ku Virginia, Lord Dunmore, analengeza mu Novembala 1775 kuti kapolo wa munthu wogalukira akathawira kwa Angerezi n'kuwathandiza pankhondo adzamasulidwa. Sanachite izi chifukwa cha chifundo, iyeyo analinso ndi akapolo. Koma kwa munthu wolima fodya wa mwini popanda malipiro, ufulu unali mbali ya mfumu.

Mmodzi wa othawawo anali Harry Washington, wobadwira ku Africa, kapolo wa George Washington ku Mount Vernon. Anathawa mu 1776, chaka chomwe chija cha makombola. Nkhondo itatha anali m'gulu la anthu akuda pafupifupi 3,000 omwe Angerezi anawanyamula pa zombo kuchoka ku New York mu 1783, ambiri kupita ku Nova Scotia. Kumeneko malo omwe analonjezedwa anachedwa, ena anapatsidwa pamiyala, ndipo mu 1792 anthu pafupifupi 1,200 anawoloka nyanja kukayambitsa Freetown ku Sierra Leone. Mu 1800 Harry anali m'gulu la ogalukira kampani yolamula kumeneko, pa mkangano wa msonkho wa malo ndi ufulu wodzilamulira, ndipo anathamangitsidwa m'tauniyo. A Washington awiri, aliyense ndi nkhondo yake ya msonkho. Mphunzitsi amene angaike anthu awiriwa pa tsamba limodzi safunikanso kulalikira.

Ku Philadelphia nthumwi zinagwirizana kuti pogawa mipando ya aphungu, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu, zomwe zinawonjezera mphamvu za eni akapolo. Kuti Congress isaletse kuitanitsa akapolo kuchokera kunja 1808 isanafike. Ndiponso kuti kapolo wothawira chigawo china azibwezedwa. Kalembera wa 1790 anapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, mwa iwo pafupifupi 700,000 akapolo. Chaka chomwecho lamulo linati mlendo woti n'kukhala nzika ndi mzungu yekha amene si kapolo. Koma mbali inayi iliponso, ndipo isabisidwe. Pennsylvania inayamba kuthetsa ukapolo pang'onopang'ono mu 1780. Mu 1781 mayi wina, Elizabeth Freeman, anasumira mbuye wake ku Massachusetts potengera mawu a m'malamulo a chigawocho onena kuti anthu onse amabadwa mfulu ndi ofanana, ndipo anawina. Lamulo la 1787 linaletsa ukapolo m'dera la kumpoto kwa mtsinje wa Ohio. Mawu a m'chikalata cha 1776 onena kuti anthu onse analengedwa ofanana anagwira ntchito ndithu, kungoti amene anawagwiritsa ntchito mwamphamvu si amene anawalemba. Zotsalazo anazikankhira kutsogolo, ndipo poti mlandu suola, zinadzaphulika mu 1861, akapolo atafika pafupifupi 4 miliyoni.

Eni nthaka, mitundu yomwe azungu anaipeza kale m'dzikomo, ndiye sanaitanidwe n'komwe. Pangano la ku Paris la 1783 linapereka dziko lonse mpaka mtsinje wa Mississippi kwa America osawatchula. Anamenya nkhondo, ndipo mu 1791, motsogoleredwa ndi Little Turtle wa mtundu wa Miami ndi Blue Jacket wa mtundu wa Shawnee, anapha asilikali oposa 600 a Arthur St. Clair pa mtsinje wa Wabash. Anadzagonja ku Fallen Timbers mu 1794, n'kutaya gawo lalikulu la Ohio chaka chotsatira. Kwawo kwa Little Turtle kunali pafupi ndi Fort Wayne, mu Indiana momwe muja mukuphunzira mphwanga.

Tsono andale a kumeneko akamakangana za maphunzirowa, zonsezi sakhala nazo ntchito. Mu 2014 College Board itatulutsa ndondomeko yatsopano ya AP, chipani cha Republican chinati ikunyoza dziko. Ku Jefferson County m'chigawo cha Colorado, ena a komiti yoyang'anira sukulu anafuna kuti kosiyi iwunikidwe kuti izilimbikitsa kukonda dziko ndipo isamalimbikitse kusamvera malamulo; ana anayankha potuluka m'makalasi n'kukaima m'misewu ndi zikwangwani. Akuluakuluwo anaiwala kuti tiyi uja sanatayidwe ndi chilolezo. Ku Oklahoma komiti ya aphungu inavota mu 2015 kuti kosiyi isamapatsidwe ndalama, ndipo chaka chomwecho College Board inalembanso ndondomekoyo. Mu Ogasiti 2019 nyuzipepala ya New York Times inatulutsa 1619 Project, yoika ukapolo pakati pa mbiri ya dziko. Munali zambiri zofunika, koma munalinso mfundo yoti chimodzi mwa zifukwa zazikulu zogalukira Angerezi chinali kuteteza ukapolo. Akatswiri asanu a mbiri, kuphatikizapo Gordon Wood ndi James McPherson, anatsutsa, ndipo mu 2020 nyuzipepalayo inakonza kuti izi zinali choncho kwa ena mwa anthuwo, osati onse. Donald Trump anayankha ndi 1776 Commission, komiti yolimbikitsa maphunziro okonda dziko, yomwe lipoti lake linatuluka mu Januwale 2021, Joe Biden n'kuithetsa tsiku lomwe analowa mu ofesi, Trump atabwerera mu 2025 n'kulamula kuti ikhazikitsidwenso.

Onsewa akulimbirana tsiku lobadwa. Wina akufuna mwana aimbe nyimbo yotamanda, wina akufuna awerenge chigamulo, koma onse afika ndi yankho m'thumba. Sindikunena kuti kulakwa kwawo n'kofanana: kukokomeza mfundo imodzi m'nyuzipepala n'kosiyana ndi kugwiritsa ntchito mphamvu za boma kuuza mphunzitsi zoti asanene. Koma m'kalasi zotsatira zake zimayandikana, mwana amaloweza m'malo moganiza.

Alipo makolo, ena mwa iwo Amalawi anzathu omwe anavutika kuti apeze mapepala a kumeneko, amene amati mwana ayambe wakonda dziko, zoipazo adzazimva akakula. Ndikuwamva. Koma chinthu chonyaditsa kwambiri m'mbiri imeneyi chilinso m'zaka zomwe zikudumphidwazi. Washington anabweza udindo wake wa mkulu wa asilikali mu Disembala 1783, pomwe akanatha kukakamira. Atalamula zaka 8 anapita kwawo mu 1797. Mu 1798 boma la John Adams linakhazikitsa lamulo lomanga onyoza boma, ndipo phungu wa ku Vermont, Matthew Lyon, anagamulidwa miyezi inayi m'ndende ndi chindapusa cha madola 1,000 chifukwa chodzudzula pulezidenti. Anthu a kwawo anamusankhanso ali m'ndende momwemo. Mu 1800 Adams analuza chisankho, ndipo mu Malichi 1801 anachoka mwamtendere, mdani wake Jefferson n'kulowa. Kuthamangitsa atsamunda mayiko ambiri anakwanitsa. Zachiwirizi n'zimene zinavuta ambiri.

Ife sitifunika kuuzidwa zimenezi. Mbendera yathu inakwera pa 6 Julayi 1964, ndipo pofika Sepitembala nduna monga Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume zinali zitachotsedwa, Henry Masauko Chipembere atatula pansi udindo. Amene akufuna kumvetsa zaka 30 zotsatirazo amayang'ana Sepitembala ameneyo, osati usiku wa makombola. Kholo lachimalawi lomwe mwana wake akuphunzira za Shays lili ndi zoti n'kumuuza kuposa mmene limadziganizira.

Aphunzitsi adzati nthawi ilibe, ndipo akunena zoona. Zaka zoposa 500 m'miyezi 9 si masewera. Koma zochotsa zilipo. Mwana sataya kanthu akapanda kuloweza kuti pakati pa nkhondo za ku Trenton, Brandywine ndi Monmouth inayamba ndi iti. Za nkhondoyo zofunika kuzimvetsa n'zochepa: kuti Washington anasunga gulu lake lankhondo osaphwasuka, kuti kupambana kwa ku Saratoga mu 1777 kunakokera France m'nkhondo chaka chotsatira, ndiponso kuti popanda zombo za Afalansa Cornwallis sakanatsekeredwa ku Yorktown. Zimenezo zimakwana masiku awiri. Masiku otsalawo apite kwa alimi a ku Northampton, kwa Harry Washington, kwa Little Turtle ndi kwa Lyon, zikalata zawo zili patebulo. Ndipo zigawo zokhala ngati Texas, zomwe zimasiya zonsezi m'manja mwa mwana wa zaka 13, zibwezeko ngakhale mwezi umodzi wa 1783 mpaka 1800 ku giredi 11 kapena 12, mwana atayamba kugwira ganyu ya kumapeto kwa sabata n'kuona ndi maso ake msonkho utadulidwa pa malipiro ake.